Liquorista: pa Chingerezi tilembe kuti chiyani?

Nachisale_Bergamo
Abale omasulira, ndigawireni nzeru. Ndapatsidwa ntchito yomasulira kabuku ka mbiri ya banja lina la kuno ku Italy, kuchoka m'Chitaliyana kupita m'Chingerezi. Zidzukulu za banjali zina zili ku Britain, zina ku America, ndipo Chitaliyana sizimva. Ntchito ikuyenda bwino, koma pali liwu limodzi landiimika: liquorista. Pa chikalata cha ukwati cha agogo awo aamuna, pamalo olemba ntchito ya munthu, analemba liquorista, ndipo m'nkhani yonse liwuli likungobwerabwera, pena ngati liquoristi akakhala ambiri. Dikishonale ya Chitaliyana ikuti ndi munthu wopanga kapena wogulitsa liquori, mowa wotsekemera wonunkhira zitsamba kapena zipatso. Tsono mutu wandizungulira pa "kapena" ameneyo. Chingerezi chikufuna ndisankhe mbali, wopanga kapena wogulitsa, pomwe Chitaliyana chawamanga mtolo umodzi. Alipo anakumanapo nalo? Munalemba chiyani?

Phwetekere
Distiller. Lembani mupitirize, dzuwa silidikira.

mlendo_wa_Roma
Ayi a Phwetekere, pamenepo musawasocheretse achemwali. Wotcheza mowa ali ndi dzina lakelake m'Chitaliyana, distillatore, ndipo malo ake ndi distilleria. Akale ankatinso acquavitaio, kuchokera ku acquavite, mowa wotcheza. Munthu wopanga grappa ndiye ameneyo: amatenga makoko ndi njere za mphesa zotsala akafinya vinyo, n'kuziphika kuti nthunzi itenge mowa, nthunziyo ikazizira n'kudontha.

Liquorista ntchito yake imayambira pomwe wotchezayo wathera. Amagula mowa waukali wotcheza kale, wopanda fungo, n'kunyikamo zitsamba, mizu, makungwa, maluwa kapena makoko a zipatso. Zikakhala m'menemo masiku kapena masabata amasefa, n'kuthira madzi a shuga, n'kuyesa ukali wake. Onani limoncello wa ku Sorrento ndi ku Amalfi. Amasenda mandimu mopepuka kuti atenge kachikasu ka pamwamba kokha, chifukwa koyera ka m'kati kamawawa, n'kuvinyika mu mowa wa 95 peresenti womwe kuno umagulitsidwa m'masitolo wamba. Palibe moto, palibe nthunzi. Nocino wa ku Modena naye chimodzimodzi: mtedza wa m'mitengo wotchedwa noce amauthyola usanakhwime, cha pa 24 June, tsiku la Yohane Mbatizi, n'kuudula, n'kuunyika mpaka mowa ude bii.

Alipo ena ochita zonse ziwiri, kutcheza ndi kusakaniza. A Luxardo, amene anayamba mu 1821 ku Zara, mzinda womwe lero ndi Zadar ku Croatia, maraschino wawo, mowa wa matcheri, amachita kutcheza. Koma si liquorista aliyense anali ndi mphika wotchezera. Mukalemba distiller mwawapatsa agogowo zipangizo zomwe mwina sanazigwirepo.

Phwetekere
Mzungu wa ku Leeds akawerenga distiller amva kuti agogo ake ankapanga mowa. Si zomwezo tikufunazo?

WaKuNtcheu
Si zomwezo ayi aise. Kwathu mayi wotcheza kachasu ndi wina, wofulula masese ndi wina. Onse ndi a mowa, koma kanene kwa wofulula kuti "amatcheza" uone ngati sakufunsa kuti mpope ndi mbiya yotchezera wazionera kuti pakhomo pake. Ngati ife timasiyanitsa, tilekerenji kusiyanitsa za eni ake?

Tsabola
Bwanji osangoti liquor dealer kapena liquor merchant? Liquor, liquorista, zikumveka pachibale.

Mbumba_Leeds
Pachibale pomwepo ndi pomwe pali msampha, a Tsabola. Liquor ndi liqueur ndi mawu awiri. Kwa Mmerika, liquor ndi mowa uliwonse waukali, whisky, gin, vodka, ndipo liquor store ndi botolo sitolo basi. Mdzukulu wa ku America akawerenga liquor dealer aganiza kuti agogo ake ankangogulitsa mabotolo a eni, kapenanso aganize za nthawi ija mowa unaletsedwa kwawoko kuyambira 1920 mpaka 1933. Liqueur ndiye mowa wotsekemera, wonunkhira zitsamba kapena zipatso, womwa pang'ono mukatha kudya.

Ndikuchenjezeninso za cordial, chifukwa wina aitchula posachedwa. Ku America cordial ndi liqueur ndi chinthu chimodzi, ngakhale malamulo awo amazilemba pamodzi. Kuno ku Britain cordial ndi zotsekemera zosungunula ndi madzi, zopatsa ana, ngati Sobo. Owerenga anu ali mbali zonse ziwiri, choncho cordial maker ingasandutse agogowo wopanga zakumwa za ana ku theka la banja.

Tsabola
Kkkk Sobo ndiye yandigonjetsa.

Gologolo
Koma liwu lenileni lilipo m'Chingerezi: liquorist. Linachokera ku Chifalansa, liquoriste, ndipo madikishonale akuluakulu ali nalo. Tanthauzo lake ndi lomwelo, wopanga liqueur. Tikuvutikiranji kufotokoza ndi mawu anayi pomwe liwu limodzi lilipo?

Mbumba_Leeds
Kukhala m'dikishonale ndi kwina, kukhala pakamwa pa anthu ndi kwina. Litchuleni mokweza pamaso pa Mngerezi. Amva liquorice, maswiti akuda aja otafuna. Ine ndakhala kuno zaka zambiri, ndimagwira ntchito ndi anthu okonda botolo, koma liquorist sindinalimvepo.

Gologolo
Kusalimva inu sikulichotsa m'chinenero, achemwali. Kabukuka ndi ka mbiri yakale. Liwu lakale m'nkhani yakale likukwana. Ndipo owerenga akaliona pafupi ndi nkhani ya mabotolo ndi zitsamba, sangaganize za maswiti.

Mbumba_Leeds
Sangaganize za maswiti, koma aganiza kuti womasulira walemba molakwika. Ndiye kasitomala abweze ntchito.

Kamtedza
Ndalowa mochedwa, koma ndione ngati ndingathandize, chifukwa funso la achemwali a Nachisale ndi la mbiri kuposa la dikishonale. Chitaliyana sichinasokoneze pomanga wopanga ndi wogulitsa pamodzi. Kale anali munthu mmodzi.

Taonani ku Torino. Mu 1757 abale awiri a Cinzano, Giovanni Giacomo ndi Carlo Stefano, anali m'gulu la amisiri lomwe linkaphatikiza opanga maswiti ndi opanga mowa, chifukwa onse ankagwira shuga ndi zonunkhira. Mu 1786 Antonio Benedetto Carpano ankagwira ntchito m'sitolo ya zakumwa pa Piazza Castello pomwe anasakaniza vinyo woyera ndi zitsamba, n'kutulutsa vermouth amene tikumudziwayu. Ankasakaniza pomwepo, anthu n'kumamwa pomwepo.

Gaspare Campari anabadwa mu 1828, n'kupita ku Torino ali kamnyamata kukaphunzira ntchito yomweyi m'malo omwera. Chakumwa chake chofiira chija, chotchedwa Campari, chimawerengedwa kuti chinayamba mu 1860 ku Novara, komwe anali ndi caffè yake. Kenako anasamukira ku Milano, ndipo Galleria Vittorio Emanuele II, chinyumba chachikulu cha masitolo, itatsegulidwa mu 1867 anali ndi malo ake pakhomo penipeni, pafupi ndi tchalitchi chachikulu. Ankasakaniza m'chipinda chapansi, n'kukwera nazo kwa makasitomala. Fakitale ya ku Sesto San Giovanni inadza mu 1904, m'nthawi ya mwana wake Davide. Tsono bambo Gaspare tiwatchule chiyani? Wopanga, wogulitsa, mwini bala? Anali zonsezo, ndipo Chitaliyana chinali ndi liwu limodzi lowakwanira.

Koma pali mtundu winanso. Kampani ya Martini itayamba mu 1863, Alessandro Martini anali wa malonda, Teofilo Sola wa mabuku a ndalama, ndipo Luigi Rossi ndiye anali liquorista, wodziwa zitsamba ndi kasakanizidwe. Ameneyu ntchito yake inali yopanga. Ndiye palinso wachitatu, mwini kasitolo kam'tauni amene ankangopungulira anthu m'timatambula zomwe wagula kwa ena, naye m'makalata a boma ankatha kulembedwa liquorista.

Choncho funso si lakuti liwuli limatanthauza chiyani. Funso ndi lakuti agogo amenewa ankachita chiyani kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Werenganinso kabukuko, muone ngati mukutchulidwa bottega, retrobottega, ricetta, alambicco kapena banco. Mawu amenewo ndi omwe akuuzeni.

Namadzi_Boy
Akulu a Kamtedza, mwatchula vermouth mwandikumbutsa kanthu. Kumudzi kachasu timagula pa velemoti. Talitchulani pang'onopang'ono: ve-le-mo-ti. Si vermouth ameneyo? Mwina botolo la a Carpano linafika mpaka kwathu, mowa wake n'kutha, dzina n'kutsala pa botolo.

WaKuNtcheu
Iii, ndakula ndikumva velemoti osaganizapo. Ndiye kuti amalume anga akhala akuyankhula chizungu moyo wawo wonse osadziwa.

mlendo_wa_Roma
Ndipo vermouth yemweyo anachokera ku Chijeremani, Wermut, dzina la chitsamba chowawa chomwe amathiramo. Layenda ulendo liwu limeneli.

Mayi_a_Chisomo
Pepani abale, gulu lino ndi la omasulira kapena la zidakwa? Ndatsegula foni m'mawa uno ndikungoona kachasu, velemoti, grappa. Ena a ife mowa unatilanda abale athu.

Nachisale_Bergamo
Pepani mayi, sitikuitanira anthu ku mowa. Inenso sindimwa. Koma ntchito ikabwera sitisankha, lero ndi mowa, mawa ndi chikalata cha imfa, mkuja ndi buku la mapemphero. Munthu amene ndikumasulira mbiri yakeyu analera ana ndi ntchito imeneyi, ndipo zidzukulu zake zikufuna kumudziwa monga analili.

Mayi_a_Chisomo
Ndamva. Koma velemotiyo muichepetse.

Chikhwaya_UK
Ine ndine wowerengera ndalama, osati womasulira, koma ndagwirapo mabuku a kakampani kena kopanga gin kuno, ndiye ndiponyepo mawu awiri omwe palibe wawatchula. A msonkho a ku Britain, HMRC, amasiyanitsa anthu atatu. Distiller ndi wotcheza kuchokera pa chiyambi. Rectifier ndi wotenga mowa wotcheza kale n'kuutchezanso pamodzi ndi zonunkhiritsa. Compounder ndi wosakaniza mowa ndi zokometsera popanda kuutchezanso. Zomwe afotokoza a mlendo_wa_Roma za limoncello zija, pa chilankhulo cha msonkho ndi compounding yeniyeni. Choncho ngati mukufuna liwu lolondola mwa lamulo, liquorista wopanga ndi compounder.

Gologolo
Compounder? Mdzukulu aganiza kuti agogo ankagwira ntchito ku famase.

Chikhwaya_UK
Sindikuti alembe limenelo m'kabuku ka banja. Ndikuti alidziwe, tsiku lina adzapatsidwa chikalata cha laisensi kapena cha kasitomu. Ndipo za famasezo musaseke kwambiri, zambiri mwa zakumwa zowawa zija zinayamba ngati mankhwala a m'mimba. Fernet-Branca wa ku Milano, wa mu 1845, poyamba ankamutsatsa ngati mankhwala.

mlendo_wa_Roma
Zoona. Ausano Ramazzotti, amene anayamba amaro wake, mowa wowawa wa zitsamba, ku Milano mu 1815, naye anali munthu wa zitsamba. Ndipo apa pakubwera vuto lina ndi liqueur maker, ngakhale ndikuona kuti ndi komwe tikulowera. Pa lamulo la European Union la mu 2019, chakumwa kuti chitchedwe liqueur chiyenera kukhala ndi mowa wosachepera 15 peresenti ndi shuga wosachepera magalamu 100 pa lita, kupatula mitundu ingapo monga ya matcheri yomwe amailola 70. Vermouth sali m'gulu limeneli konse, ndi vinyo wokometsedwa. Koma liquorista wa ku Torino ankapanga vermouth, rosolio, ratafià, amaro, ngakhale madzi a zipatso opanda mowa. Liqueur maker ikumuchepetsa pang'ono.

Mbumba_Leeds
Ikumuchepetsa, koma siikumunamizira. Distiller ikumunamizira, liquor dealer ikumunamizira, liquorist ikusokoneza wowerenga. Pa zonse zomwe zatchulidwa, yochepetsayo ndiye yabwinoko. Ndipo lamulo la 2019 silingaweruze munthu amene anakwatira zaka za m'ma 1800.

Tsabola
Funso la pambali: Amarula ndi liqueur?

Mbumba_Leeds
Eya, wa kirimu, wa ku South Africa. Amapangira zipatso za mfula.

Tsabola
Mfula womwewu timangoupondaponda kutchire? Anzathu akuuika m'botolo n'kumagulitsa pa bwalo la ndege.

WaKuNtcheu
Yambani inu a Tsabola, mukhale liquorista woyamba wa ku Balaka. Azungu a ku Bergamo alipo kale kumeneko ku mishoni, akuphunzitsani katchulidwe.

Nachisale_Bergamo
Zikomo nonse, makamaka akulu a Kamtedza, ndabwereranso m'kabukumo monga munanenera. Nazi zomwe zilimo. Agogowa anali ndi bottega, kasitolo, m'katauni kena ka ku Piemonte, chigawo chomwe kuli Torino, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Kutsogolo kunali banco, kauntala, pomwe anthu ankaima n'kumwa katambula asanapite ku ntchito. Kuseri kunali retrobottega momwe munali madamijani, mabotolo akuluakulu aja ovekedwa dengu, ndi kabuku ka maresipe kolemba pamanja komwe banjali likusungabe. Mkazi wawo ndiye ankasenda malalanje ndi kuwiritsa shuga. Alambicco, chotchezera, sichikutchulidwa paliponse, koma pali ndime yonena kuti mowa wosasakaniza ankaugula m'migolo. Ndiye a Phwetekere, distiller yagwa.

Koma liwuli likupezeka malo atatu osiyana. Loyamba ndi pa chikalata cha ukwati chija. Lachiwiri ndi m'nkhani, monga "il nonno faceva il liquorista", kutanthauza kuti agogo ankagwira ntchito ya liquorista. Lachitatu ndi chiganizo chonena za msonkho womwe unakwera, chakuti i liquoristi della provincia, ndiye kuti a m'chigawo chonsecho, anadandaula. Kodi ndilembe liwu limodzi monsemo?

Kamtedza
Ayi, ndipo musaope kusinthasintha. M'nkhanimo, koyamba lisiyeni m'Chitaliyana, mulipendeketse, n'kulifotokoza m'chiganizo chomwecho: he was a liquorista, making his own liqueurs in the back room and selling them over the counter. Mukatero wowerenga wamuona munthuyo. Kutsogolo konse mukhoza kungoti liqueur maker, kapena liquorista yemweyo, adziwa kale.

Pa chiganizo cha msonkho, pamenepo ndi gulu lonse, opanga, ogulitsa ndi ochita zonse. Lembani liqueur makers and sellers, kapena the liqueur trade ngati chiganizo chikulola. Yachiwiriyo ndimaikonda chifukwa trade imanyamula onse popanda kuwawerenga.

Gologolo
Kusiya liwu la Chitaliyana m'nkhani ya Chingerezi ndi kuthawa ntchito. Akukulipirani kuti mumasulire.

mlendo_wa_Roma
Nanga barista anamasulira ndani? Angerezi analitenga momwemo. Kungoti analichepetsa, kuno barista ndi aliyense woima kuseri kwa kauntala ya bala, amakupatsa khofi m'mawa, madzulo n'kukupungulira Campari. Kwa iwo ndi wa khofi yekha.

Gologolo
Barista analowa chifukwa anthu mamiliyoni amagula khofi tsiku lililonse. Liquorista alowa ndi kabuku ka banja limodzi?

Kamtedza
Sakufunika kulowa m'Chingerezi chonse, achimwene. Akufunika kulowa m'banja limodzi lomwelo. Anthu amenewa tsiku lina adzapita ku Piemonte, adzaona chikalata chenichenicho ku ofesi ya comune, khonsolo ya tauniyo, kapena ku parishi, adzawerenga liquorista ndi maso awo. Ndi bwino adzalizindikire.

AgogoAMakalata
Pa chikalata ndiye ndilankhulepo ine, chifukwa ndi ntchito yomwe ndakalamba nayo. Nkhani ndi chikalata sizimasuliridwa mofanana. M'nkhani muli ndi ufulu wogwiritsa ntchito zomwe mwawerenga pa tsamba lina. Pa chikalata mumalemba zomwe zili pa pepalalo basi. Kalaliki amene analemba liquorista sananene ngati munthuyo ankapanga kapena ankagulitsa, ndiye inunso musamusankhire. Ine ndikanalemba liqueur maker/seller, n'kuika liwu la Chitaliyana pambali pake m'kalembedwe kopendekeka, kapena m'kandemanga ka womasulira pansi.

Mwina muti ndi kabuku ka banja chabe, palibe woweruza adzakaone. Musadalire zimenezo, mwanangu. Mabanja a zidzukulu za Ataliyana amatenga makalata omwewa akafuna kutsata za unzika, ndipo pepala lomwe mwamasulira lero ngati chokongoletsa buku mawa wina alifotokopa. Ku Italy kumasulira kwa makalata a boma kumakalumbiriridwa ku khoti, amati asseverazione, ndipo wolumbira ndi womasulirayo. Zolowerani kulemba chikalata chilichonse ngati mudzachilumbirira.

Chinanso, liquorista silisintha kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, ngati farmacista kapena dentista. Chimasonyeza ndi il kapena la patsogolo, ndipo pa makalata nthawi zambiri sipakhala chilichonse patsogolo. Onetsetsani kuti lili pa mzere wa mkwati, osati wa mkwatibwi kapena wa bambo ake a mkwatibwi. Zolemba pamanja za nthawi imeneyo mizere imalowana.

Nachisale_Bergamo
Ndaonanso agogo, lili pa mzere wa mkwati. Mkwatibwi analembedwa sarta, telala.

WaKuNtcheu
Telala amene ankasenda malalanje ndi kuwiritsa shuga kuseri kwa sitolo. Ndiye liquorista weniweni ndi uti pamenepa?

Mbumba_Leeds
Funso limenelo mukafunse kalaliki wa ku Piemonte.

Phwetekere
Ine ndaika chiganizo chanucho mu pulogalamu yomasulira ya pa intaneti, koyamba yandipatsa liquor maker, ndasintha pang'ono yandipatsa distiller. Ndiye si ine ndekha.

AgogoAMakalata
Makinawo sanawerenge za madamijani ndi migolo. Inu mwawerenga.

Chikhwaya_UK
Achemwali a Nachisale, ngati m'kabukumo muli liquorificio kapena liquoreria, muchenjere nazonso. Loyambalo ndi fakitale, liqueur factory ikukwana. Lachiwirilo ndi sitolo, ndipo musalembe liquor store kapena off-licence, chifukwa m'malo amenewo munthu samwera pomwepo. Kwa agogo anuwo anthu ankamwera pa kauntala.

Nachisale_Bergamo
Liquoreria lilimo kawiri. Ndalemba liqueur shop koyamba, kachiwiri ndangoti the shop. Pa chikalata ndatsata agogo a Makalata, m'nkhani ndatsata a Kamtedza, pa msonkho ndaika the liqueur trade. A Gologolo mundikhululukire, liquorist ndamusiya panja. Ndatumiza mutu woyamba kwa mdzukulu amene akulipira ntchitoyi kuti aone ngati liwu la Chitaliyanalo akulifuna momwemo.

Tsopano ndili pa kabuku ka maresipe kaja, akufuna masamba awiri amasuliridwe. Miyeso yake ndi ya oncia ndi libbra, ndipo libbra ya ku Piemonte sinali yofanana ndi paundi ya Angerezi. Alipo akudziwa ngati ndisinthe kupita ku magalamu kapena ndisiye momwemo?

AgogoAMakalata
Siyani momwemo, magalamu muike m'kandemanga pansi. Ndipo tsegulani mutu wina wa zimenezo, uno watalika.